Mizu Imene Sinabwezedwe

Foni inalira Lolemba m'mawa, Isikeli akumanga bondo lake ndi bandeji. Anali mphunzitsi wa timu ya dziko lawo la Fiji, akumufuna pa masewero atatu a mu Novembala. Isikeli anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo zisanu ndi zitatu mwa izo anathera kuno ku France, akugundana ndi anthu pa mpira wa ragibi m'timu ya tauni yathu ya Castelvère. Kwawo anali asanamuitanepo. Anayankha kuti "inde bwana" kasanu, koma kawiri komalizako foni inali itaduka kale.

Lamulo limati timu izimasula munthu akaitanidwa ndi dziko lake. Limatero papepala. Koma alendo ololedwa kusewera tsiku limodzi ndi owerengeka, ndipo timu yathu inali nawo ambiri kuposa malo. Ukachoka milungu itatu, jezi yako umaipeza pamsana pa wina. Ya Isikeli, nambala eyiti, inali ndi woidikira kale, Wikus wa ku South Africa, amene ankaiyang'ana ngati galu pakhomo la butchala.

"Ukawauze eni timu basi, ndi ufulu wako," anatero mkazi wake Mereoni.

"Munthu wamkulu sauzidwa, amapemphedwa," anayankha Isikeli.

Anatsitsa pamwamba pa kabati mtolo wa mizu ya yangona, yopangira chakumwa cha pamwambo, umene bambo ake anam'patsa pochoka kumudzi. Kwawo, ukafuna chinthu chachikulu kwa mkulu, umapita ndi mizuyo. Akailandira ndiye kuti wavomera. Akafuna kukana saikhudza, kapena amaibweza.

Bambo Darrigade, mwini timu, ndi munthu wogulitsa nyama ya abakha, ndipo amakonda kulankhula za kufalitsa ragibi dziko lonse lapansi, ngakhale iwo eni kunyanja kwenikweniku amapita monyinyirika. Anadabwa kuona chimphona chija, Isikeli, chikulowa mu ofesi chitavala nsalu m'chiuno, n'kusiya mpando, n'kukhala pansi pa kapeti. Isikeli anagwira mizu ndi manja awiri, nayankhula nthawi yaitali m'chiyankhulo cha kwawo, maso ali pansi. Pomaliza anawonjezera Chifalansa chake chopunduka chija: "Dziko langa, bwana. Novembala. Chonde."

"Dziko lako, eya! Zokongola bwanji!" anatero bambo Darrigade. Analandira mtolo uja, naununkhiza, namupsompsona Isikeli masaya onse awiri. Isikeli anawomba m'manja katatu, natuluka misozi ikulengeza.

Tsiku lomwelo anaimbira bambo ake. Pofika Lamlungu abusa anali atalengeza m'tchalitchi, ndipo nkhumba ina kumudziko inali itayamba kudyetsedwa bwino mosadziwa chifukwa chake.

Lachinayi lotsatira, mphunzitsi wa timu yathu anamata pakhoma ndondomeko ya Novembala. Dzina la Isikeli linali pa masewero onse atatu. Analiwerenga, anapukuta m'maso, analiwerenganso. Mutu unaima. Popita kukafunsa anadutsa m'chipinda chimene ochemerera amamweramo, ndipo apo anangoima. Mizu yake inali m'bokosi lagalasi pakati pa zikho, ataiunikira ndi kanyale. Pansi pake analembapo kuti: Mphatso yochokera ku Fiji. Masewero athu afika kumalekezero a dziko.

Mnzake wa m'timu, Otar wa ku Georgia, amene wakhala kuno zaka khumi ndi khosi lake longa mtondo, anam'peza ataima pomwepo.

"Aise, nkhuni zakozi azikonda zedi."

"Si nkhuni. Ndinapempha nazo kuti ndipite, ndipo analandira."

"Anasaina pati?"

"Analandira ndi manja awiri, Otar! Anandipsompsona!"

"Amene uja amapsompsona ndi woimbira mpira yemwe, kenako n'kumutukwana. Kuno inde ndi pepala, m'bale wanga."

Isikeli anakweranso ku ofesi, ulendo uno atavala buluku. Anafotokoza pang'onopang'ono, mawu akumuthawa. Bambo Darrigade anamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Mwana wanga, ine ndimayesa mphatso! Kukuletsa sindingakuletse, lamulo ulidziwa. Komatu masewero atatuwa tikagonja titsika gulu. Ndipo Wikus akasewera bwino, ndimuuze chiyani mphunzitsi?"

"Ndiye mwakana, bwana?"

"Sindinakane."

"Mwavomera?"

"Sindinatero ayi."

Isikeli anayang'ana kudenga.

"Ngati mukukana, bwana, mundibwezere mizu ija. Ndikhala, sindidandaula."

Apa bambo Darrigade anafiira mpaka m'makutu. "Kubweza mphatso? Ine? Mayi anga angadzuke m'manda! Atolankhani ajambula kale, anthu aona. Ukufuna azinena kuti Darrigade amataya zopatsidwa ndi ana ake?" Anatsegula kabati, natulutsa kakiyi, nakakankhira kwa iye. "Ngati ukuifuna, katenge wekha. Ine sindiona."

"Wopempha satenganso yekha, bwana. N'chipongwe kwa inu."

"Kwa ine? Ndikukuloleza ndine!"

"Kupita?"

"Kutenga nkhunizo!"

Anayang'anizana, wina akuopa kunyoza mnzake, winanso chimodzimodzi. Zinali zomvetsa chisoni, chifukwa anthu awiriwa ankakondana ndithu. Pomaliza Isikeli anabweza kakiyi kaja pakati pa tebulo ndi chala chimodzi, natuluka.

Kunyumba Mereoni anam'funsa kuti zatha bwanji.

"Sindikudziwa. Akuti sanavomere, akuti sanakane."

"Nanga mizu ili kuti?"

"Ili kwa iwo."

"Ndiye ukufunsanji? Tsitsa chikwama."

Anapita. Masewero awiri oyamba anaonera ali pabenchi. Achitatu analowa kutatsala mphindi khumi ndi imodzi, ndipo mpira anaugwira kawiri. Koma nyimbo ya fuko anaimba atavala jezi yoyera ya kwawo, akulira ngati mwana, ndipo kumudzi anthu anaonera pa kanema wa kusukulu, nkhumba ija ili kale m'dzenje la moto. Kuno Wikus anasewera ngati wamisala, ndipo tinapambana kawiri.

Atabwerera, bambo Darrigade anam'thamangira pakhomo, nam'kumbatira, nam'kokera m'chipinda chija. Pambali pa bokosi lagalasi anali atapachika chithunzi chachikulu cha Isikeli akuimba, misozi ili mbwembwembwe. Pansi analembapo kuti: Mwana wathu.

"Tonse tinalira, mwana wanga! Watikweza!"

Isikeli anathokoza, napita kukhoma la ndondomeko. Nambala eyiti inali ya Wikus. Anatsika ndi chala mpaka pa mayina a pabenchi, kenako anayambiranso pamwamba. Dzina lake panalibe.

Otar anafika, naima pambali pake.

"Tandiuza, Otar. Munthu uja anandilola kapena anandikana?"

Otar anakanda khosi lake nthawi yaitali. Asanayankhe, foni ya Isikeli inalira. Anali bambo ake, mawu odzaza ndi chimwemwe.

"Mwana wanga, mkulu wako uja ndi munthu. Sanabweze mizu yathu. Ukam'thokozere mudzi wonse, wamva?"

Isikeli anayang'ana pepala lija, nayang'ananso kanyale kakuwala m'bokosi lagalasi.

"Ndamva, bambo," anatero. "Sanabwezedi."