Mtanda Wokhalira Galasi

A Orrin Haugland atatuluka m'chipatala ndi mwendo wokoka, anavomera kukhala kwa mwana wawo Marlys mpaka chipale chofewa chisungunuke, osapitirira apo. Ananeneratu kuti Epulo akangofika abwerera ku famu kwawo, kumene ankakhala okha chimwalirire akazi awo. Koma adokotala anali atamuuza Marlys pambali kuti bambowo akadzagwanso ali okha, anthu adzawapeza atazizira kale.

Marlys ankawadziwa bambo ake. Kuwanyengerera kunali kutaya malovu. Munthuyo anatha zaka makumi anayi akumanga makola a ng'ombe m'dera lonse la Viroqua, ndipo nyumba ya mwana wawoyo ankaitcha katoni. Ankati siling'i yake ndi yoyera ngati ya kuchipatala, ukakweza maso palibe choona. Kukhitchini kwawo ku famu kunali mitanda ikuluikulu yakuda imene anasema agogo awo.

Ndiye Marlys anaganiza zowaikira mitanda pabalaza. Yeniyeni sikanatheka, denga lakelo silikanainyamula. Iye ndi mwamuna wake Duane, woyendetsa lole ya mkaka, anaonera pafoni mmene anthu amapangira yabodza. Umatenga matabwa atatu a paini, kuwalumikiza ndi guluu ndi misomali ngati chodyera ng'ombe, mkati mopanda kanthu. Ukatero umawakwapula ndi tcheni, kuwamenya ndi hamala, kuwaboola ndi msomali kuti zioneke ngati anafumbwa, kenako vanishi wakuda. Anapanga isanu m'galaja, Loweruka lililonse pang'onopang'ono, atauza a Orrin kuti akukonza mashelefu.

Anaikweza tsiku limene a Orrin anapita kukacheza kwa mlongo wawo. Duane anapeza mapaso obisika m'siling'imo, namangirirapo timatabwa tochindikala, ndipo mitandayo ankangoiveka pa timatabwato. Marlys ndiye anagwira tepi yoyezera. Anagawa mipata yofanana ndendende, moti mtanda wapakati unakathera pakati penipeni pa zenera lalikulu, limene linatalika mpaka pafupi ndi siling'i. Anabwerera m'mbuyo kuyang'ana, mtima wake unakhala pansi.

A Orrin atabwera anaima pakhomo, chipewa chili kumutu. Anayang'ana mmwamba nthawi yaitali. Kenako anakweza ndodo yawo nagogoda mtanda umodzi. Unalira ngati ng'oma.

"Mwasungamo chiyani mkatimu, mkamwini? Mphepo ya chaka chamawa?"

Duane anaseka, nati akapolisi akabwera ndi momwe azibisalamo. A Orrin anasekanso pang'ono, nati vanishiyo mwapaka bwino.

Koma madzulo ake anakoka mpando wawo kuuchotsa pazenera, pamene ankakonda kuonera mbalame, naukhazika pakona pafupi ndi chitseko. Mawa lake khofi anakamwera kukhitchini chiimirire. Akamadutsa pabalaza ankalambalala, kutsata khoma. Tsiku lachitatu Marlys anawamva akuimbira foni mnzawo woyandikana naye ku famu, kumuuza kuti kumapeto kwa mwezi akawatsegulire madzi a m'mipope ya kunyumba kwawo, akubwera.

Marlys anaona kuti waononga yekha. Anaganiza kuti wanyoza ntchito ya bambo ake powapachikira mabokosi. Pachakudya cha masana Lamulungu anangolankhula, kuti ngati mitanda yabodzayo ikuwanyansa anene, iye aigwetsa lero lomwe.

A Orrin anaika foloko pansi. Anati bodza alibe nalo mlandu, nawonso anaikapo zotsekera mazenera zosatseka pa nyumba za anthu ambirimbiri. Koma munthu ukafuna kunama, uziname bwino.

"Mtanda umakhalira khoma kapena mzati, Marlys. Wapakatiwo wakhalira chiyani?"

Marlys anasuzumira pabalaza. "Zenera."

"Galasi. Mwasenzetsa nyumba galasi."

Duane anayesa kufotokoza kuti mtandawo sukusenza kanthu, ndi wopepuka kuposa mphaka wawo, ndipo agwira ndi masikuluwu khumi ndi awiri.

"Mutu wangawu ukudziwa zimenezo, mkamwini. Koma msanawu wakana kumva. Ndikakhala pansi pake ukumandiuza kuti thawa."

Atayamba anapitiriza. Anati zipsera za tchenizo n'zongomwazika ngati panadutsa nkhuku. Mtengo wosema ndi kasemasema umakhala ndi mabala oyenda mbali imodzi, chifukwa wosemayo amaima malo amodzi ndipo ali ndi dzanja limodzi lamphamvu. Ndipo mabowo a kafumbwe sakhala pamzere ngati mabatani a malaya. Marlys anali asanawamve akulankhula motalika chonchi chigwereni.

Duane anatsegula pakamwa kuti anene kuti Loweruka ausuntha yekha mtanda wapakatiwo, ndi ntchito ya ola limodzi. Marlys anamuponda phazi pansi pa tebulo.

"Ababa, ife tikausuntha tiuikanso polakwika. Duane akayeza kawiri amapeza manambala atatu."

"Anayi," anatero Duane, akusisita phazi lake.

A Orrin anamuyang'ana mwana wawoyo. Ankadziwa zimene akuchita, ndipo Marlys ankadziwa kuti akudziwa. Bambowo anapempha pensulo. Kuseri kwa envelopu anajambula balaza lonse, nati mitanda ikhale isanu ndi umodzi, iwiri ikhalire khoma uku ndi uku kwa zenera, inayo isunthidwe kutsatira imeneyo. Wachisanu ndi chimodziwo upangidwe watsopano. Anafunsa kuti matabwa oyambawo anagona masiku angati m'nyumba asanawakhome. Atamva kuti anachokera m'galaja mozizira n'kukwera tsiku lomwelo, anapukusa mutu, nati adikire aone mmene misoko itsegukire akauma ndi moto wa m'nyumba. Atsopanowo agone kuseri kwa sofa milungu itatu, azolowere.

Milungu itatuyo inathera mu Epulo. Chipale chinasungunuka, misewu inadzaza matope, ndipo misoko iwiri inatsegukadi moti ndalama yachitsulo inkalowa. A Orrin ankayeza ndi chikhadabo m'mawa uliwonse Duane atawagwirira makwerero, iwo ataima pa sitepe yoyamba, chifukwa Marlys anawaletsa yachiwiri.

Loweruka lina a Orrin anamupatsa Duane pepala la zinthu zokatenga ku famu. Marlys analiwerenga ali kumbuyo kwa mwamuna wake. Panali kasemasema, matchizulo, mwala wonolera, choyezera ngodya chakale. M'munsi mwake munali mpando wachikopa, chithunzi cha amayi ake Marlys, ndi mawu akuti atseke madzi aja.

Marlys anakatenga makiyi a pikapu.

A Orrin anali ataima m'kanjira kopita kuzipinda, ndodo ikuloza siling'i.

"Nanga umu? Mwasiya mwamaliseche chonchi bwanji?"

"Tinati tiyambe tamva kwa inu, Ababa."

Anati umo mukufunika itatu, yaing'onoing'ono, koma ayambe amaliza pabalaza. Matabwa ake akagule Duane, ndipo asasankhe yekha.