Chibwibwi cha Telala

Kunyumba ankamutcha Mafunso, chifukwa chiyambire ali kamwana pakamwa pake sipankachoka "bwanji" ndi "chifukwa chiyani". Atabwerera ku yunivesite kukachita digiri yachiwiri ya mbiri yakale, msuweni wake, dalaivala wa takisi, anati tsopano miseche nayo yayamba kukhala ndi satifiketi. Ankamunyogodola choncho, komabe ndi iye yemwe ankamutenga pa galimoto kupita naye kwa nkhalamba zonse zimene ankakacheza nazo, n'kumamudikira panja akuwodzera pa chiwongolero.

Kafukufuku wake anali wa sitalaka ya pa fakitale ya matumba, imene inachitika iye asanabadwe. Antchito atanyanyala, alonda a kampani anawatsekera m'nyumba yosungiramo katundu, kuwaveka matumba kumutu, n'kuwamenya mpaka ena sanadzukenso. Amalume ake, amene anamulera mayi ake atamwalira, anatulukamo atachita khungu. Koma nkhaniyi sankaikamba. Mafunso akangoiyamba, iwo ankati, "Kafunse ena, ine ndinaiwala," n'kukweza wailesi.

Omenyedwa anawapeza ambiri. Womenya anapeza mmodzi yekha, telala wokalamba wachibwibwi amene ankasoka pakhonde la golosale, kutsidya kwa njanji. Mkuluyo anakana n'kukananso, mpaka msuweni uja anazolowerana naye n'kusoketsako thumba la malaya ake. Tsiku limene anavomera, anagwira dzanja la Mafunso ndi manja onse awiri.

"Mwa-mwanangu, ndikufuna ndi-nditule katunduyu ndisanafe. Koma munthu asadziwe kuti ndine."

"Palibe adzadziwe, abambo. Ndikulumbira. Dzina ndichotsa, dera ndichotsa."

Analowa m'kachipinda kawo kuseri kwa golosale. Mafunso anaika foni patebulo kuti ijambule mawu, ndipo mkazi wa telalayo anamubweretsera tiyi wa shuga wambiri m'kapu ya alendo.

Lonjezo lija analisungadi monga anaphunzitsidwira. Dzina anachotsa, zaka anachotsa, ngakhale kulira kwa sitima kumene kunalowerera anakufufuta pa kompyuta. Vuto la anthu a sukulu ndi limeneli, amaganiza kuti munthu ndi dzina basi.

Linafika tsiku lofotokoza kafukufuku pamaso pa aphunzitsi. Pulofesa womuyang'anira anali atamulangiza kuti, "Pepala silichititsa munthu tsemwe. Aloleni adzimvere okha mawu enieniwo." Amalume anabwera atavala jekete lawo la kumaukwati, n'kukhala mzere woyamba, ndodo yoyera ili pakati pa miyendo. Pambali pawo panali mwana wawo dalaivala uja, amene ananong'oneza Mafunso kuti, "Tabwera kudzaona miseche ikuvala gauni." Mafunso anaseka, mtima uli m'malo. Chakudza sichiimba ng'oma.

Anayankhula bwino ndithu, aphunzitsi akugwedezera mitu. Kenako anadina batani, ndipo mawu a mlonda wopanda dzina anadzaza chipindacho.

"Ti-tinkayamba ndi mawondo kuti asathawe. Tinali ndi mapaipi achitsulo. Panali wina amene anka-ankatsogolera nyimbo, sanasiye kuimba ngakhale mutu uli m'thumba. Ndi-ndinamumenya kumaso mpaka thumbalo linanyowa. Ndiye ndinamuuza kuti..."

Ndodo yoyera inagwa pansi. Amalume anali ataimirira, ndipo anatsirizira okha mawuwo sipika isanawatulutse, chibwibwi chake chomwe.

"I-imba tione."

"I-imba tione," inatero sipika.

Amalume, amene Mafunso anali asanawaonepo akulira, anali chiimire, buluku litanyowa, mkodzo ukutsikira m'nsapato zawo zopolishidwa. Dalaivala anayang'ana bambo ake, kenako anayang'ana Mafunso. Mafunso anaona yekha m'masomo kuti msuweni wake wakumbukira khonde lija, makina aja, ndi mkulu amene ankavutika kutchula mtengo wosokera thumba la malaya.

"Iwe, tadikira!" anakuwa Mafunso.

Chitseko chinali chitamenyeka kale, dalaivala atatuluka. Mafunso anaima pakati. Kuno kunali amalume ake atanyowa pamaso pa anthu, uko kunali munthu amene anamulumbirira. Anakankhira dzanja la amalume m'dzanja la pulofesa, anavula nsapato zake zazitali, n'kuliyatsa liwiro mpaka pageti. Anakwera njinga yamoto, n'kumamenya woyendetsayo pamsana kuti awonjezere moto. Foni ya msuweni inkangoitana.

Atawoloka njanji anaona takisi itaima chopingasa msewu, chitseko chili pululu. Anthu anali ataunjikana patali, amayi manja kumutu, anyamata akuonerera ngati mpira. Makina osokera anali chagada m'ngalande, ulusi wamitundumitundu utamwazika m'matope.

Telala anali pansi pakhonde, mutu utakulungidwa ndi diresi lofiirira losasokedwa manja. Dalaivala anali atamuponda pachifuwa, sipanala yomasulira mateyala ili m'manja.

"Imba! Imba tione! Suja unkakonda nyimbo iwe?"

Chitsulo chinatsika pa bondo, ndipo phokoso lake linali ngati la nkhuni youma. Mkuluyo anatukula manja kuti adzitchinjirize, chitsulo chinapeza zala. Mafunso anamulumphira msuweni wake kumsana. Chigongono chinamupeza pakamwa, anagwa chagada, n'kulavula magazi ndi chidutswa cha dzino. Anakwawa n'kudzigwetsa pamwamba pa mkulu uja. Sipanala inali itanyamuka kale. Inatera paphewa pake, dzanja lonse linangoti lende, maso anachita mdima.

Apo m'pamene dalaivala anaima. Anayang'ana chitsulocho, n'kuchitaya.

"Unkadziwa iwe?" anafunsa akulira ngati mwana. "Ine ndemwe ndinkakubweretsa kuno, kwa munthu amene anaphulitsa maso a bambo anga! Ndinamupatsa moni ndi dzanja ili! Unkadziwa?"

"Sindinkadziwa."

"Nanga sukulu yonseyi umafunsa chiyani?"

Amuna a m'golosale, amene mpaka nthawi imeneyo anali alibe miyendo, anapeza mphamvu tsopano n'kumugwira dalaivala uja. Iye sanalimbane nawo.

Ndi dzanja limene linatsala lamoyo, Mafunso anamasula diresi lija pang'onopang'ono. Linali litanyowa, likumata. Diso limodzi la telala linali litatupa n'kutsekeka, linalo linamuyang'ana n'kumuzindikira. Milomo inayamba kulimbana ndi mawu.

"Mwa-mwa-mwa..."

Mawuwo anakanirira pakhosi, kunangotuluka thovu lamagazi. Mafunso anamva manyazi oposa ululu wa phewa. Anali atawerenga mabuku ambiri onena za anthu opereka anzawo m'manja mwa adani, ndipo onsewo ankawaweruza mosavuta.

Khamu linapatuka. Mkazi wa telala anafika kuchokera kumsika, dengu linagwa, tomato anagubuduzika mpaka pa mateyala a takisi. Sanakuwe. Anagwada, kuika mutu wa mwamuna wake pamiyendo, n'kuyamba kumupukuta ndi mpango wake, akumuitana chapansipansi.

Mafunso anapisa m'thumba n'kutulutsa foni kuti aitane ambulansi. Zala zinkaterera pa galasi chifukwa cha magazi. Mayi aja anatukula mutu. Anayang'ana foniyo, yomwe ija inakhala patebulo pawo pambali pa kapu ya alendo, kenako anayang'ana Mafunso.

"Mwabwera kudzajambulanso, mwanangu?"