Mpando wa Kutsogolo mu Minibasi ya Mpingo

Manja atayamba kuwombedwa m'tchalitchimo, a Cleophus Tate anali atakonza kale jekete kuti aimirire. Chaka chilichonse cha chisankho, Lamulungu loti anthu avoteretu, m'busa ankatchula dzina lawo, chifukwa ndiwo ankatenga nkhalamba za mpingo pa minibasi kupita nazo kokavota. Koma lero dzina linatchulidwa lina. Amene anaimirira anali Yesenia Orozco, kamtsikana kobadwa dzulodzuloli, mwana wa anthu ochokera ku Mexico, amene ankati walembetsa m'kaundula wa ovota achinyamata ankhaninkhani a ku fakitale ya nkhuku. Mayi amene ankapikisana pa mpando wa khansala, yemwe akuda ndi a ku Mexico omwe anagwirizana kuti amuvotere, anachita kumukumbatira.

A Cleophus anakhalanso pansi bwinobwino, ngati ankangofuna kuwongola mwendo. Nsanje inawagwira, asaname. Tawuni iyi ya ku Georgia, ku America, anaipondaponda khomo ndi khomo kukopa anthu kuti akavote mwanayu asanabadwe, azungu akuwatsekera zitseko pamphuno, ndiye lero manja apite kwa wobwera?

"Tsobola wakale sawawa, Dikoni," anawanong'oneza Mayi Odessa, mnzawo wa kalekale, akudzipepesa ndi kapepala ka nyimbo. "Mezani malovu, mungatsamwe."

Mapemphero atatha, Yesenia anawapeza akupukuta galasi la minibasi. Anawapatsa moni mwaulemu, n'kupempha kuti akatula nkhalamba akatengeko anzake a ku fakitale, amene ankaweruka masana koma analibe galimoto. A Cleophus anayankha osamuyang'ana kuti minibasiyo ndi ya mpingo, si matola, ndipo aliyense azinyamula anthu ake. Mtsikanayo anathokoza n'kuchoka.

Nkhalamba zawo zinali zitatu zokha. Kale minibasiyi inkadzaza mpaka kubwerera kachiwiri, koma ambiri anali atagona kumanda a kuseri kwa tchalitchi, ndipo adzukulu awo ankati kuvota n'kutaya nthawi. Chimene chinkawawawa a Cleophus n'chakuti adzukulu omwewo, amene ankawayankha mwano iwo, Yesenia akangowatumizira uthenga pafoni ankathamanga.

Kovotera anapeza mzere wautali, achinyamata akuda ndi a ku Mexico ali pamodzi, akuseka. Yesenia anali atafika kale pa kagalimoto kake, ndipo ankayala mipando pamthunzi. Atawaona, anathamanga ndi mpando umodzi.

"Khalani apa, agogo, dzuwali lingakupwetekeni."

Agogo! Iwo amene moyo wawo wonse ankanyamulira ena mipando. Anakana, naima chilili mpaka anavota, mawondo akulira.

Potuluka anamva Yesenia akudandaula pafoni kuti anthu akadali pa geti la fakitale, ndipo povotera atseka posachedwa. Mayi Odessa anawagunda ndi ndodo yawo pa nsapato. Anawauza mosabisa kuti mayi wofuna ukhansala uja akagonja ndi mavoti ochepa, chipatala chaching'ono chimene analonjeza chipita ndi mphepo, ndipo tawuni yonse idzadziwa kuti minibasi inangokhala padzuwa chifukwa mwini makiyi anatupa mtima.

A Cleophus anapukusa mutu, koma analiza injini. Anamuitana mtsikanayo ndi chala kuti akwere akawalozere anthu akewo. Yesenia anasangalala, natsegula chitseko cha kutsogolo. Apo mpamene nsanje ija inawakweranso. Mpingo wawalanda, adzukulu wawalanda, ndiye akhalenso pambali pawo, anthu aziti wabweretsa minibasi ndi iyeyo?

"Kutsogolo kuno ayi," anatero. "Malo ako ndi kumbuyo."

Mawuwo atangotuluka, anawazindikira. Anali omwe aja amene dalaivala wachizungu anauza mayi awo m'basi, iwo ali kamnyamata kogwira siketi, masiku amene munthu wakuda sankaloledwa kukhala kutsogolo. Mayi Odessa, amene anali chapafupi, anangoyang'ana kumbali.

Yesenia sanatsutse. Anatseka chitseko pang'onopang'ono, n'kukakhala pa mpando wotsiriza weniweni. A Cleophus anagwira chiwongolero. Anayendetsa mpaka ku fakitale akuopa kuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo.