Apongozi Pachitseko

Apongozi anga aamuna, bambo Ephraim Maseko, anabwera kwathu ku Chinsapo kudzangocheza, koma munthu wozolowera khasu sadziwa kukhala pansi. Ataona kuti mvula yayandikira, anakwera padenga kukasanjika miyala pamalata athu ofuna kuuluka aja. Ndinawaletsa nditagwada chapatali, monga mpongozi amachitira. Anangondiseka. Posakhalitsa ndinamva kuti khu! kuseri kwa nyumba.

Kuchipatala anati fupa la msana lathyoka, koma mwayi ulipo poti zala za kumapazi zinkagwedera. Anatilangiza kuti agone pamalo olimba, tiziwatembenuza pafupipafupi, ndipo asayerekeze kuimirira fupa lisanagwirane, apo ayi miyendo idzafa. Tinazula chitseko cha kukhitchini n'kuwagoneka pamenepo, m'chipinda cha ana.

Nkhani inavuta pa woti aziwagwira. Amuna anga a Wilkins ndi kondakitala wa minibasi, amachoka kusanache n'kubwera ana atagona. Apongozi aakazi anatisiya kale. Alamu anga a ku Ntcheu, tikawaimbira foni pabyuro, ankati abwera akatha kubzala, ngati kuti msana wa bambo awo udikira chimanga. Masana onse panyumba pankatsala ine Zipora, munthu amene pamwambo wa kwawo sindiyenera ngakhale kudya iwo akuona.

"Abambo, ndilowe ndikutembenuzeni?" ndinkafunsa ndili pakhomo.

"Ayi, amake Irene. Ine sindinafe. Wilkins abwera."

Tsiku ndi tsiku yankho linali lomwelo. Mbale ndinkaikankhira pafupi ndi dzanja lawo nditayang'ana kumbali, koma inkabwerera itangolawidwa. Poyamba ndinkayesa kuti akunyoza kaphikidwe kanga, ndipo zinkandiwawa. Kenaka ndinazindikira kuti akudzimana dala, kuti m'mimba musawavute mwana wawo asanabwere. Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ulemu wanji woti munthu azifa ndi njala chakudya chili pamphuno? Ndinawadandaulira a Wilkins, iwo n'kungoti, "Madala ndi choncho, asiye." Kenaka mkonono.

Komabe gogoyo anali wolimba. Chimanga cha m'mbali mwa msewu chitafika m'mawondo, anayamba kupinda bondo lakumanja okha. Anaitanitsa wailesi. Ankandinena kudzera pazenera kuti akazi a m'tauni timapika mpiru ngati tikuchapa malaya. Ndinkaseka, ndipo mumtima ndinayamba kuwaona akutsika basi kwawo ndi ndodo yawo. Ndinkawakonda bambo amenewa, liuma lawo lomwelo.

Tsiku lina mayi Asiyatu oyandikana nafe anabweretsa mango. Apongozi, atakhala nthawi yaitali akudzimana, anadya mosaumira. Ndinakondwa, ine wopusane.

Dzuwa litapendeka ndinali kuchapa pansi pa zenera lawo lenilenilo. Akanangotsokomola ndikanamva. Akanangoti "amake Irene" ndikanathamanga. Koma m'mimba mutawapotokola anasankha kugwira khoma, n'kudzikoka, n'kuimirira, kuti akafike okha kuchimbudzi. Ine ndinangomva wailesi ikugwa, kenaka kubuula.

Ndinawapeza ali chagada pakhomo la chipinda, atadziipitsira, dzanja likufufuza bulangete.

"Musalowe! Chonde amake Irene, musandione!"

"Abambo, mundikhululukire. Lero ndilowa."

Ndinawapatsa bulangetelo, iwo anadzifunditsa kumaso m'malo mwa kumene kunali manyazi. Ndinathamangira ketulo yomwe inali pambaula, n'kutsanulira m'beseni.  Ndinawavula, n'kuyamba kupukuta kuchokera m'chiuno kutsika m'munsi, ndikuwakalipira chamumtima. Sanakane, sanadzikoke, sananene kanthu. Ndinati mwina tsopano agonja, mawa adzandilola kuwatembenuza, ndipo zonse ziyambiranso bwino.

Nditafika kumapazi m'pamene ndinaona kuti zala zanga zafiira. M'chipwirikiti muja ndinaiwala kusukulutsa madzi.

"Pepani abambo, madziwa akukuotchani?"

 Mawu anatuluka m'bulangetemo pang'onopang'ono, aulemu ngati kale.

"Kodi mwayamba kale, amake Irene?"

Ndinatsina chala chawo chachikulu cha kuphazi chija chimene chinkatipatsa chiyembekezo. Ndinachitsinanso mwamphamvu, mpaka chikhadabo changa chinasiya chizindikiro. Apongozi ankadikirabe kuti ndiwayankhe.