Makina a Mazira Sapita ku Cuamba

Magetsi anazima dzuwa litangotuluka n'kubwera masana, koma makina ofungatira mazira sanadzuke nawo. Kanyali kofiira kanayaka ndithu, koma pagalasi la manambala panalibe kanthu, chotenthetsera chili zii, chokupiza mphepo chili duu. M'katimo munali mazira makumi asanu ndi limodzi a Mayi Hawa a ku Mitande, otsala masiku atatu kuti aswe.

Sanali mazira wamba. Chitopa chinali chitasesa nkhuku zonse kumudzi kwawo, ndipo Mayi Hawa anayenda khomo ndi khomo kutolera mazira omaliza amene nkhukuzo zinasiya. Anabwera nawo panjinga atawakwirira m'madeya. Amenewa akanafa, mudzi wonse ukanakhala wopanda tambala.

Ine ndine Margarita. Kukonza mawailesi ndinaphunzira tili othawa nkhondo ku Malawi, kwa mkulu wina amene ankandikalipira kuposa kundiphunzitsa. Titabwerera ku Mandimba ndinatsegula kaofisina kokonzera mawailesi pakhonde. Makina a mazirawo ndi a bungwe lathu la obwerera. Amakhala kwathu poti kuli magetsi, koma bungwe linalamula kuti ndisawatsegule. Wowatsegula ndi Sinyoro Estevão, tekiniku wa ku Cuamba wokhala ndi dipuloma, ndipo mwamwayi kapena mwatsoka tsikulo anali m'tauni muno.

Anafika nsapato zikunyezimira. Anadina mabatani onse, anazula pulagi pakhoma, anabwezeretsa, anazulanso n'kubwezeretsanso. Kenako anapukuta m'manja.

"Pulaka yapsa, Dona Margarita. Ubongo wake wafa. Ndikwera nawo shapa, minibasi ya ku Cuamba, sabata yamawa muwaona."

"Nanga mazirawa?" ndinafunsa.

"Kazingani mudye."

Mayi Hawa anangoyang'ana pansi n'kuyamba kupinda nsonga ya kapulana, chitenje chawo. Ine mtima unawira. Munthu wayenda ulendo wonse uja ndi mazira kumbuyo, wina n'kumuuza za kukazinga! Ndinaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Makina awa satuluka muno."

"Mukawakhudza ndikanena kubungwe."

"Kaneneni, bambo. Njira mukuidziwa."

Sanapite. Anakhala pampando kuti aone mmene ndichitire manyazi.

Tinayamba ndi mazira. Tinafunditsa madeya m'chiwaya, tinayesa ndi chigongono ngati madzi osambitsira khanda, n'kuika mazira onse m'dengu. Mayi Hawa analifunda ndi kapulana n'kulikumbatira. Kenako ndinamasula chivundikiro cha makina.

Pulaka ndi kathabwa kobiriwira kokwana m'dzanja, ndipo pakati pake pali kachipu kakuda ka miyendo yambiri, kamene kamalamula kutentha ndi kutembenuza mazira. Ndinanunkhiza. Chinthu chopsa sichibisala, ndipo apa panalibe fungo. Fyuzi inali yamoyo. Palibe kanthu kotupa kapena kodetsedwa ndi utsi. Ndinaika nsonga za choyezera magetsi pamiyendo ya kachipu: mavoti asanu, ndendende mmene kamafunira. Chakudya kakulandira, koma kudzuka ayi.

Zotere ndinaziona kale. Magetsi akamachepa pang'onopang'ono, kachipu kamasokonezeka n'kuuma pomwepo, ndipo mankhwala ake ndi kukamana magetsi onse kuti kayambe mwatsopano. Koma Sinyoro Estevão anali atazula kale pulagi kawiri. Ndinazula kachitatu ndili ndi choyezera m'manja. Kanyali kanazima. Singano ya choyezera inatsika, inatsika, n'kuima pa mavoti awiri. Ndinadikira. Sinasunthe.

"Sinyoro, makina osalumikiza pakhoma akutenga kuti magetsi?"

"Ndi otsalira chabe. Atha okha."

Sanathe. Ndinakankha makina kuwachotsa kukhoma, ndipo kumbuyo kwake ndinapeza tiwaya tiwiri, kofiira ndi kakuda, tomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Mamangidwe amenewo ndimawadziwa ngakhale nditatsinzina. Tiwayato tinalowa pakabowo kukhoma. Ndinazungulira kuchipinda chosungira chimanga, ndipo kuseri kwa matumba kunali batire la njinga yamoto.

"A Tobias!"

Amuna anga anali pansi pa mtengo wa mango, akupopa tayala lokhuta kale. Anabwera akukoka miyendo.

"Ndinaika dzana," anatero. "Ndinkaopa kuti magetsi akazima, makina azimiratu. Moto sazimitsa, amayi."

Ndinafuna kuwalalatira, koma ndinaleka. Tonse amene tinakhala kumsasa wa othawa nkhondo timawadziwa mantha amenewo. Machesi kunalibe, moto ukazima unkayenda mzere wonse wa zisakasa kukapala. Wailesi tinkailumikiza kumabatire oyanika padzuwa, galimoto sitinkaizimitsa poopa kukankha. Tinabwerera kwathu tikukhulupirira kuti chozima sichiyakanso. Batire lawolo linagwira makina maola angapo, kenako linafooka, ndipo mphamvu yotsalayo inali yochepa kuyendetsa kachipu koma yokwanira kukaletsa kuzima.

Ndinatenga pulayala.

"Musadule!" anatero a Tobias. "Akapanda kuyakanso?"

"Akapanda kuyaka, bungwe lidzandidye ine."

Ndinadula kofiira. Singano inagwa mpaka pansi. Ndinawerenga mpaka makumi atatu n'kulowetsa pulagi. Makina analira kuti pii, manambala anatuluka pagalasi, chokupiza chinayamba kuzungulira. Ndinaika dzanja pachotenthetsera mpaka ndinamva kufunda.

Sinyoro Estevão anaimirira. "Komabe mwaphwanya lamulo la bungwe, dona."

"Ndaphwanya. Mukalembe bwino dzina langa, lili ndi r awiri."

Anatuluka osatsanzika. Ife tinabweza mazira limodzilimodzi, ndipo Mayi Hawa anakana kubwerera ku Mitande. Anayala mkeka pafupi ndi makina n'kukhala pomwepo masiku atatu, kutuluka kokha pokasamba ndi pokaswali.

Mazira amene anaswa anali makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Enawo tinawadikira tsiku lina lathunthu, koma anali atazizidwa nthawi yaitali m'mawa muja. A Tobias anaswa dzira limodzi kuti aone. Kamwanapiye kanali kathunthu, nthenga zonse, mlomo utaloza kuchigoba. Sanaswenso lina. Anatenga khasu n'kukawakwirira okha kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalako nthawi yaitali.

Mayi Hawa anamanga dengu panjinga, anapiye akulira m'katimo. Ndinawapepesa chifukwa cha otayikawo. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kuwawa.

"Mwanawe, tinabwera kuchokera ku Malawi tilibe ngakhale nthenga," anatero. "Awa ndi ambiri."