Mawindo a mu Sunnyside

Grain anali pakhomo akukwecha mphika wa nyemba zopserera pamene mkazi wake Falesi analowa akupumira m'mwamba.

"Abambo a Pilira, siyani zimenezo! Mlongo wawo wa madamu a kuntchito kwanga akuti kukampani kwawo kutawuni akufuna munthu wosunga katundu. Mupite mawa ku intaviyu."

Chichokereni bwana wake wa ku Gezina kupita ku Cape Town, Grain anali asanapezenso ntchito yokhazikika. M'mawa uliwonse Falesi ankamusiyira tiyi mufulasiki popita kuntchito. Grain anatsuka m'manja, nayamika Mulungu, kenaka nkusita malaya oyera.

Ku ofesiko anakumana ndi mayi wina wovala magalasi. Mafunso anayenda bwino: komwe ankagwira, ngati amamwa, ngati angadzuke m'mamawa. Potsiriza mayiyo anaika cholembera pansi akumwetulira.

"Funso lomaliza. Mu Sunnyside monse, dera limene mumakhalalo, muli mawindo angati?"

Grain analeredwa kuti wamkulu akakufunsa chinthu chimene sukuchidziwa, sunama, umanyamuka kukaona. Komanso iye anali dikoni.

"Madamu, ndipatseni mpaka Lolemba."

Mayiyo anaseka mpaka kuvula magalasi. Grain anaona kuti kusekako ndi kuvomera, choncho anathokoza natuluka.

"Kodi sankangocheza?" anafunsa Falesi atamva.

"Anthu a m'maofesi sacheza. Akufuna aone ngati ndingawerenge katundu wawo osaba."



Nkhani inafala m'nyumba yonse ya Amalawi imene ankakhalamo, ndipo Loweruka m'mawa anthu anagawana misewu. Amayi a kwaya anatenga ya kufupi ndi tchalitchi. Uladi wa ku Mangochi, wa chipinda choyandikana nawo, anatseka benchi yake yogulitsirapo makava a mafoni natenga msewu wautali kuposa yonse.

"Ife Asilamu maso ndi akuthwa, achimwene," anatero. "Timaona mwezi inu muli mtulo."

Mavuto anayamba msanga. Amayi Theresa ndi amayi Jenifer anakangana pamsewu ngati windo losweka lotsekedwa ndi katoni likadali windo. Wina anasokonezeka ataona makatani okongola pansanjika yachitatu, nkuyambiranso pansi. Chakumasana foni ya Grain inalira: mlonda wa nyumba ina wagwira Uladi akuloza mawindo ndi chala, milomo ikuyenda, ndiye wamutsekera m'kanyumba kake ngati wakuba.

Grain anathamangirako atavala jekete la kutchalitchi. Anafotokoza zonse m'Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu. Mlondayo anamvetsera, nawayang'ana onse awiri.

"Eish. Nanga a kuseri mwawerenga?"

Anawatsegulira geti, nawaperekeza yekha, nkuwaonetsanso timawindo ta m'mabafa tosaoneka kumsewu.

Lolemba Grain anafika ku ofesi khosi lili gwa, nanena nambala ya mawindo imene anapeza pang'onopang'ono ngati akuwerenga vesi. Mayi wa magalasi anagwira pakamwa.

"Mwawerengadi?"

"Tinathandizana, madamu. Mwina taphonya ochepa okha."

Mayiyo sanasekenso. Anamukhazika pampando, namuuza mofatsa kuti funsolo lilibe yankho, ngakhale iye mwini sadziwa. Ankangofuna kumva mmene munthu amaganizira. Ntchito anapatsa wina Lachisanu, amene anatchula nambala pomwepo.

"Ndiye kuti ananama?"

"Anayerekeza."

Grain anasinkhasinkha kusiyana kwake, koma sanakupeze. Mayiyo anamuperekeza mpaka pachitseko, nagwira dzanja lake ndi manja awiri.

Kunyumba anapeza anthu atadzaza m'khonde kudikira uthenga. Amayi Theresa anali akutikita khosi la amayi Jenifer ndi mafuta. Uladi, amene sankathanso kucheuka, anatembenuka thupi lonse ngati kabati.

"Ndiye bwanji, achimwene? Tiyambe kukuitanani bwana?"

Grain anayang'ana Falesi. Falesi anamvetsa, nayang'ana pansi. Mwamunayo anavula chipewa, nagwada pasimenti pomwepo.

"Abale anga, ntchito apatsa munthu amene sanawerenge ngakhale windo limodzi. Akuti kunali kongoyerekeza. Amayi a kwaya, ndakupweteketsani makosi pachabe. Achimwene a Uladi, ndakutseketsani benchi, ndakugwiritsaninso ngati wakuba. Chonde, nonsenu, ndikhululukireni."