Laputopu ya Malemu Gerald

Atangobwerako koika maliro a Gerald, amalume ake, ba Norbert, anakhoma chipinda chogona n'kuponya kiyi m'thumba la jekete. Katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka tsiku logawa, anatero. Abale anamuyalira Winifred, mkazi wa malemuyo, matiresi pabalaza pakati pa azimayi.

M'mawa mwake, minibasi za ku Chelstone zitangoyamba kuitanira opita kutauni, kuseri kwa chitseko chokhomacho kunamveka kaphokoso ngati munthu akupuma. Pansi pa chitseko panatuluka kuwala. Kenaka kwaya inayamba nyimbo ya Misa, inaimba mpaka kumapeto, basi zii.

"Mayo ine! Muli ndani umo?" anakuwa Regina, mlongo wake wa malemu.

Winifred anangoweramitsa mutu. Iye ankadziwa. Inali laputopu ya Gerald, yomwe inali pamagetsi pambali pa bedi. Mwini wake anaitchera kuti m'mawa uliwonse izidzuka yokha, iimbe, igonenso. "Ikaimba, ife timwa," ankatero akuseka. M'dirowa ya pansi pake munali mabotolo awiri a ma ARV, lina la Gerald, lina la Winifred. Pa abale onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa. Iwo anauzidwa kuti chinamutenga ndi chifuwa.

Tsono botolo la Winifred linali litakhomeredwa pamodzi ndi masuti a malemu. Kukiliniki ku Kabwata anamuchenjeza kuti mankhwalawa sadumphitsa, ukawasiya matenda amabwera atakwiya. Koma wamasiye satuluka pachipata maliro asanamwazike.

Tsiku lotsatira inaimbanso. Linalo, chimodzimodzi. Azimayi anayamba kukokera zofunda zawo kutali, mpaka Winifred anatsala yekha pakona pafupi ndi firiji. Wobweretsa tiyi ankangomuikira pansi n'kuchoka osamuyang'ana.

"Munthu akafa bwino sabwela kuimba m'nyumba," anatero Regina akusesa, mawu akuponyera kukona. "Achimwene ali na mlandu wofuna kukamba. Mulamu, imwe simudabwa? Ise tonse tithawa, imwe muli chabe phee."

Winifred anapempherera kuti magetsi azime, batire ithe. Anazimadi masana onse, koma madzulo anabwerera. M'kamwa mwake munayamba kuwawa, thukuta likumunyowetsa pogona. Kaya anali matenda, kaya mantha, iye sanathe kusiyanitsa.

Loweruka ba Norbert anasonkhanitsa onse pabalaza kusanache bwino, nakhazika Winifred kutsogolo kwa chitseko chija.

"Amai," anatero mwaulemu woziziritsa thupi, "tatuma munthu ku siteshoni ya mabasi ya Intercity akalandile wina wochoka ku Katete, wodziwa kufunsa akufa. Afika mawa. Ngati muli na mau, kambani tikali pa ise tekha. Akakamba uja, ana tizatenga, imwe muzaona kopita."

Asanatseke pakamwa, kupuma kuja kunayamba. Kuwala kunagwera pa zala za kumapazi kwa Winifred, kwaya n'kuyamba. Mayi wina anayamba pemphero la Tikuoneni Maria.

Winifred anaganiza za Gerald, momwe anamugwirira dzanja kuchipatala akumupempha kuti asadzauze munthu za matendawo. Anaganizanso za ana ake awiri omwe ankasuzumira kukhitchini. Anaimirira.

"Ba malume, nyimbo iyi siitana imwe. Iitana ine. Ni nthawi yanga ya mankhwala."

"Mankhwala ya chani?" anafunsa Regina.

"Yamene tinali kumwa tonse awili na achimwene anu. Yali mu dirowa. Tsegulani muwelenge maina pa mabotolo."

Kwaya inapitiriza yokha. Ba Norbert anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa kiyi. Sanampatse Winifred m'manja, anaiika pa simenti n'kuikankha ndi nsapato. Regina anadzuka, natenga kapu yomwe Winifred ankamwera tiyi, kukaiika payokha pawindo.

Winifred anatola kiyiyo natsegula.